Mzere wa miyezi 18 pa khadi la ku sikelo

M'chitini cha mabisiketi chimene ndimasunga pansi pa bedi kuno ku Chelstone muli makhadi asanu ndi awiri a ku sikelo. Anayi ndi a ana anga, atatu ndi a adzukulu amene ndinalera. Lakale kwambiri ndi la 1979. Linafewa ngati nsalu, m'mbali linadyeka, ndipo pangodya pake pali dontho la phala limene linauma mwini wake asanayambe kuyenda. Mwezi wathawu mwana wanga wotsiriza anabwera kudzandisiyira kamnyamata kake ka zaka ziwiri, poti wantchito wake anali atapita kumaliro. M'chikwama cha matewera munali khadi labuluu, ndipo ndinalitsegula monga ndimachitira ndi khadi lililonse londifika m'manja. Pa mzere wa miyezi 9 panali deti ndi dzina la anesi. Pa mzere wa miyezi 18 panalibe cholembedwa.

"Amai, nyeleti zonse anatsiriza," anatero mwana wangayo. "Ija ya chikuku anamulasa kalekale."

Sanali kundinamiza. Iye ndi wophunzira, amagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni, ndipo mwanayo amamukonda. Koma m'moyo wake wonse sanaonepo mwana wodwala chikuku. Akamva mawuwa, chimene chimayamba kumufika m'mutu ndi kangolo kokankhiramo khanda. Ine ndikawamva ndimaona mlongo wanga.

Tinali kukhala ku Kabwata, m'nyumba zija zozungulira zofolera ndi udzu zimene boma la atsamunda linamangira amuna obwera kudzagwira ntchito Lusaka atakhala likulu mu 1935. Zochepa zimene zinatsala ndi zija zili pa Kabwata Cultural Village, m'mbali mwa Burma Road, kumene lero amagulitsirako ziboliboli. Alendo amazijambula, koma ife tinagonamo, anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimene anachiyezera munthu mmodzi. Atate anali mesenjala ku maofesi a boma ku Ridgeway. Ufulu utabwera mu 1964 anthu anakhamukira m'tauni kuchokera kumidzi, khomo lililonse linali ndi mlendo wogona pamphasa, ndipo matenda opatsirana m'mpweya anapeza pokhala.

Chaka cha 1965 chikuku chinalowa mumzere wathu. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndinadwala n'kuchira. Mlongo wanga anali asanakwanitse zaka ziwiri. Thupi linayamba kutentha, maso anafiira n'kumatuluka manthongo, chimfine ndi chifuwa zinamugwira pamodzi. Ambuya, amene anali atabwera kuchokera ku Katete, anamutsegula pakamwa, naona timadontho toyera ngati mchere m'kati mwa masaya, ndipo anangoti, "Ndi chomwecho." Patapita masiku atatu kapena anayi zidzolo zinatuluka kuseri kwa makutu, zinafika kumaso, zinatsikira m'thupi monse. Ambuya analamula zimene iwonso analamulidwa ndi akuluakulu awo: mwana asasambe, chitseko chitsekedwe, mphepo isamuombe, chikuku chituluke chonse chifukwa chikabwerera m'kati chimapha. Atate ndi amai anauzidwa kuti adike, asakhalire pamodzi kufikira mwana atachira, kuopa kumudula.

Zidzolo zinadetsa, khungu linayamba kusupuka ngati gaga, ndipo tinayesa kuti zatha. Pamenepo m'pamene anayamba kutsegula m'mimba. M'kamwa munachita zilonda, bere analikana, nthiti zinayamba kuonekera, kupuma kunakhala kwa befu. Anatisiya patapita milungu itatu chionekere zidzolo. Pamaliro ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti m'nyumbamo alipo amene sanadike. Amai anga anawamva mawu amenewo, ndipo anakhala nawo mumtima kufikira tsiku lawo lomwalira.

Ndinali nditapuma kale pa ntchito ya uphunzitsi pamene ndinawerenga zimene akatswiri anasindikiza mu 2019, zoti kachilombo ka chikuku kamafafaniza chikumbukiro cha chitetezo cha m'thupi. Mwana amene thupi lake linaphunzira kale kulimbana ndi matenda a m'mimba ndi a m'chifuwa amaiwala zonsezo, nakhala ngati wobadwa dzulo. Chikuku chimadyanso vitamini A yemwe ali m'thupi, n'chifukwa chake ana ena amachira koma maso atafa. Choncho chimene chinatenga mlongo wanga zidzolo zitapita chinali chikuku chomwecho, chikugwirabe ntchito yake. Ndinalira tsiku limenelo, chifukwa amai anga anafa osadziwa kuti analibe mlandu. Ambuya sindiwaimba mlandu nawonso. Kutsekera mwana wodwala m'nyumba kunali nzeru, kunateteza ana a oyandikana nawo. Iwo anamenya nkhondo ndi zida zimene anali nazo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti katemera analipo kale. John Enders ndi anzake ku Boston anagwira kachilomboka mu 1954, ndipo mu 1963 katemera analoledwa ku America. Zaka ziwiri zathunthu mlongo wanga asanadwale, ana ena anali kulasidwa kale. Ife katemera amene tinali kumudziwa anali wa nthomba, uja wokanda paphewa. Anzanga onse a msinkhu wanga ali nacho chipsera chake, ndipo nthombayo inatheratu padziko lonse, analengeza mu 1980. Chikuku anthu anali kuchiyesa msonkho umene mwana aliyense ayenera kulipira. Padziko lonse chinali kupha anthu oposa 2 miliyoni chaka chilichonse katemera asanafalikire.

Mwambo wa sikelo suli wakale monga ena amaganizira, ndipo unabadwira mu Africa muno. Dokotala wina wa ku England, David Morley, anagwira ntchito pamudzi wa Imesi-Ile ku Nigeria chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Iye anaona kuti ana ambiri amafa asanakwane zaka zisanu, ndi kuti chikuku, chimene kwawo anali kuchipeputsa, kuno chinali chilombo. Anayambitsa kiliniki ya ana osafika zaka zisanu, napanga khadi lokhala ndi mizere yosonyeza ngati mwana akukwera kapena akutsika. Nzeru yake yaikulu inali yakuti khadilo lisatsale m'kabati ya chipatala, likhale ndi mayi. Zambia anautenga mwambowu zaka zoyamba za ufulu, nthawi yomwe boma linali kulimbana ndi kunyentchera kwa ana n'kukhazikitsa National Food and Nutrition Commission mu 1967. Mu 1974 bungwe la WHO linayambitsa ndondomeko yofikitsa katemera kwa ana onse, ndipo dziko lathu linalowamo mu 1975.

Choncho pamene ndinabereka mwana wanga woyamba mu 1979, ndinapeza njira italambulidwa. Tsiku la sikelo linali tsiku lodziwika ngati la msika. Tinali kudzuka kusanache, kusambitsa mwana, kumudzoza mafuta, kumuveka chipewa choluka ndi kumubereka ndi chitenge chabwino koposa, chifukwa kumeneko amayi anali kuonana. Khadi tinali kuliika m'pepala la pulasitiki la shuga kuti mvula kapena mkodzo usaliwononge. Tikafika pa kiliniki ya Kabwata tinali kuunjika makhadi patebulo monga mwa kafikidwe, n'kukhala pamabenchi, ena pansi. Anesi anali kuyamba ndi phunziro: phala lothira nsinjiro, madzi a mchere ndi shuga, kulera. Kenaka mwana anali kuvulidwa, kulowetsedwa m'kakabudula ka sikelo n'kukolekedwa, akulira, miyendo ili lendelende, muvi ukunjenjemera. Dontho la inki likagwa pamwamba pa la mwezi watha, mayi anali kutuluka mutu uli m'mwamba. Likagwa pansi, anesi anali kufunsa mafunso pamaso pa onse, ndipo ndivomereze kuti ena a iwo anali ndi pakamwa powawa. Amayi ena anasiya kubwera chifukwa cha manyazi amenewo. Koma ambirife tinapirira, pakuti pabenchi lililonse panali mayi amene anaikapo mwana kapena mng'ono wake chifukwa cha chikuku. Nyeleti ya miyezi 9 tinali kuiyembekeza powerenga miyezi ndi zala. Mayi akaiphonya, anzake a mumzere anali kumutsata kunyumba anesi asanadziwe n'komwe.

Zaka za m'ma 1980 zinali za mizere. Mkuwa unagwa mtengo, tinali kufola pofuna ufa, sopo ndi saladi, ndipo mu 1986 ndi mu 1990 anthu anachita zipolowe chifukwa cha mtengo wa ufa. M'kabati za chipatala mankhwala anali kusowa. Komabe mzere wa sikelo sunaduke. Inali nthawi imene UNICEF, motsogozedwa ndi James Grant, inali kulimbikitsa maiko kuti pofika 1990 ana 80 pa 100 alionse akhale atalandira katemera. Wailesi inali kulengeza m'zilankhulo zathu, m'matchalitchi anali kukumbutsa pambuyo pa ulaliki, ndipo amayi a chipani cholamula anali kuyenda khomo ndi khomo kufunsa makhadi. Ana anga anayi onse anadutsa ubwana wawo osadwala chikuku.

Kenaka inabwera Edzi. Za maliro a zaka zimenezo sindinena zambiri, aliyense wa mu Lusaka ali nawo ake. Chimene chikukhudza nkhani ino n'chakuti ana ambiri anatsala m'manja mwa ambuya awo, makhadi anasochera posamuka, ndipo anesi enieniwo anachepa, ena kumwalira, ena kupita kukagwira ntchito kunja. Adzukulu atatu amene makhadi awo ali m'chitini changa anabwera kwa ine m'njira imeneyo. Ku chipatala cha UTH, William Moss wa ku yunivesite ya Johns Hopkins pamodzi ndi madokotala athu anafufuza ana ogonekedwa ndi chikuku kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Anapeza kuti makanda obadwa kwa amayi okhala ndi HIV amalandira chitetezo chochepa kuchokera kwa mayi, choncho chikuku chimawapeza miyezi 9 isanakwane, ndiponso kuti mwa ana okhala ndi kachilomboko mphamvu ya katemera imazilala msanga. M'chaka cha 2000 dziko lathu linalemba odwala chikuku oposa 30,000.

Juni wa 2003 sindidzamuiwala. Boma linaganiza zolasa mwana aliyense wa miyezi 6 kufikira zaka 14 m'dziko lonse, kaya analasidwapo kale kaya ayi. Sukulu imene ndinali kuphunzitsa inasanduka kiliniki. Tinatulutsa madesiki, anesi anafika ndi mabokosi ozizira, ndipo ine ndinaima pakhomo ndi buku la mayina, kufoletsa ana a giredi 4 amene anali kulimbitsana mtima kwinaku akubisa mikono. Azing'ono awo anabwera ali kumbuyo kwa amayi, nalandiranso kadontho ka vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Ana pafupifupi 5 miliyoni analasidwa m'masiku ochepa. Chaka chotsatira chikuku chinangoti zii. Anesi achitsikana anayamba kumaliza maphunziro awo osaonapo zidzolo zake ndi maso.

Bata limenelo ndi limene linatipusitsa, ndipo pano ndilankhule ngati mphunzitsi wa masamu. Nyeleti ya miyezi 9 imagwira bwino mwa ana pafupifupi 85 pa 100 alionse. Otsalawo amapita kwawo ndi deti pakhadi koma thupi lisanaphunzire. Onjezanipo ana amene sanafike n'komwe ku sikelo. Chaka chilichonse kagulu kameneka kamatsala, chaka chinacho kamawonjezeka, ngati udzu wouma umene ukuunjikana kudikira moto. Ndipo chikuku chimathamanga kuposa matenda ena onse amene timawadziwa. Wodwala mmodzi angapatsire anthu 12 kufikira 18 pakati pa osatetezedwa. Amayamba kupatsira masiku anayi zidzolo zisanaoneke, pamene aliyense akuyesa chimfine. Akatsokomola m'chipinda n'kutuluka, kachilomboko kamatsala m'mpweya kufikira maola awiri. Kuti kasapeze podutsa pamafunika kuti ana 95 pa 100 alionse alasidwe kawiri.

Moto unabuka mu 2010. Unayaka kwambiri mu Lusaka muno, ndipo dziko lonse linalemba odwala oposa 15,000 chaka chimenecho. Kwa abale athu ku Malawi anapitirira 100,000. Ndi pambuyo pa zimenezi pamene boma linaika nyeleti yachiwiri pa miyezi 18, mu 2013, ndipo kuyambira pa kampeni ya 2016 katemerayo anaphatikizidwa ndi wa rubella. Mzere umene ndinaupeza wopanda kanthu pa khadi la mdzukulu wanga unalembedwa ndi maliro a 2010.

Koma mzere umenewu sunalowebe m'magazi mwathu. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2018 anapeza kuti ana 9 mwa 10 analandira nyeleti yoyamba, pamene yachiwiri analandira ngati 6 okha mwa 10. Ine chifukwa chake ndimachiona ndi maso. Kwa zaka makumi anayi amayi anaphunzitsana kuti nyeleti ya chikuku ndiyo yotsekera, ndipo mwana wanga anangobwereza zimene anamva kwa ine ndemwe ali wamng'ono. Pa miyezi 18 mwana akuyenda, akudya nsima, akulemera kumbuyo, ndipo mayi anabwerera kale kuntchito. Pitani ku Soweto Market kapena m'mbali mwa Lumumba Road m'mawa, muone amayi ogulitsa tomato ndi salaula ana ali m'miyendo. Mayi wotere akatseka malonda kuti akafole ku sikelo, madzulo ake m'nyumba simuphikidwa. Imani pa Kabulonga kapena pa Woodlands nthawi ya 6 koloko, muone atsikana ndi amayi akutsika kuchokera ku Kalingalinga, Mtendere ndi Bauleni, kukalera ana a kumayadi. Iwowa ndi amene amanyamula chikwama pamene mwana wa abwana akupita ku kiliniki yolipira, koma tsiku la sikelo la mwana wawo likafika amaopa kupempha chilolezo. Ndikanakonda mabwana onse a kumayadi akanafunsa khadi la mwana wa wantchito wawo, n'kumupatsa tsikulo osadula malipiro. Ngakhale amene sasamala za mwana wa mnzake aganizire kuti wantchitoyo amakwera minibasi yodzaza, mawindo otseka m'nyengo yozizira, n'kudzanyamula khanda lawo la miyezi isanu limene silinafike pa msinkhu wolasidwa.

Palinso vuto la botolo. Katemera wa chikuku amabwera ngati ufa, ndipo botolo limene tinalizolowera ndi la ana khumi. Akalisungunula liyenera kutha pasanapite maola 6, lotsala amataya. Ndinapitapo ndi mdzukulu wanga wina pa kiliniki ina, nditalipira basi, ndipo anandibweza kuti ana achepa, sangatsegule botolo chifukwa cha awiri, ndibwere tsiku lina. Ine ndinabwerera chifukwa ndinaika mlongo wanga. Mayi amene anali kumbuyo kwanga sindinamuonenso.

Kumayadi nako kwalowa mantha a mtundu wina, obwera pa WhatsApp. Amati katemerayu amasokoneza ubongo wa mwana. Bodza limeneli lili ndi mwini wake, Andrew Wakefield wa ku London, amene analemba zimenezi mu 1998. Magazini ya The Lancet inachotsa nkhani yakeyo mu 2010, iye analandidwa chilolezo cha udokotala, ndipo kafukufuku wa ana miyandamiyanda sanapeze chimene ananenacho. Koma bodza likatuluka silibwerera m'kamwa. Pamene COVID-19 inafika mu Malichi 2020, amayi anaopa kupita ku kiliniki, ndipo mphekesera zonse za katemera wa akuluakulu zinadontheranso pa katemera wa ana. Kolera ya 2023 ndi 2024, imene inasandutsa National Heroes Stadium kukhala chipatala, inakokera anesi kumeneko. Ana obadwa m'zaka zimenezi ndi amene makhadi awo ali ndi mipata yambiri. Tsidya la Zambezi, ku Zimbabwe, chikuku chinabuka ku Manicaland mu 2022 n'kupha ana oposa 700, ambiri a iwo osalasidwa. Kwathu kuno chakhala chikubuka m'maboma osiyanasiyana kuyambira chaka chomwecho, ndipo mu Sepitembala 2024 boma linachititsanso kampeni ya dziko lonse ya ana osafika zaka zisanu. Makampeni ndimawayamikira, ndinagwirako ntchito. Koma amabwera patapita zaka, pamene ana amabadwa usiku uliwonse, ndipo chimene chinatisunga ife chinali benchi lija la mwezi ndi mwezi.

Usiku umene mdzukulu wanga anagona kwanga ndinamuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Ali ndi mphumi ya mlongo wanga. Mayi wake atabwera kudzamutenga ndinatulutsa chitini, ndinayala makhadi onse pamphasa, lake lomwe, ndipo ndinamuuza nkhani ya 1965 kuyambira pa timadontho ta m'kamwa kufikira pa manong'onong'o a pamaliro. Ndinali ndisanamuuzepo. Iye anali kudziwa kuti amalume ake ena anamwalira ali aang'ono, basi. Cholakwa chimenecho n'changa: ndinaganiza kuti ndikumuteteza ku chisoni, pamene ndinali kumubisira chifukwa chenicheni chimene ndinali kumudzutsira m'bandakucha kupita naye ku sikelo.

Anakhala chete, kenaka anati, "Nanga Amai, poti miyezi 18 inapita, adzamulandira?"

Ndinamuuza kuti mwana wochedwa sabwezedwa, amalasidwa pa msinkhu umene wafikapo. Anati Lachiwiri ali ndi msonkhano kuntchito. Ndinati Lachiwirilo andisiyire mwanayo pamodzi ndi khadi lake.

Tinanyamuka 6 koloko, iye ali kumbuyo kwanga m'chitenge, khadi lili m'pepala la shuga. Pabenchi ndinakhala pakati pa atsikana a msinkhu wa adzukulu anga, ndipo wina woyandikana nane, amene mwana wake anali ndi chaka chimodzi, anandifunsa chimene ndadzera ndi mwana wamkulu chotere. Ndinamutsegulira khadi lake lomwe, lapinki, n'kumulozera mzerewo ndi chala. Anawerenga miyezi, nati idzakwana mu Disembala. Dzina la mdzukulu wanga litaitanidwa ndinamugwira mkono, analira pang'ono, ndipo anesi analemba deti.